Ndinatsitsa makilo 9, abwerera 6, ndipo ndakhala ndikukubisalirani

Nachisale
Moni nonse. Ena mwina mwandiiwala, papita miyezi 4 ndisanalembe kanthu. Sindinachoke ayi, ndinkawerenga zonse mwakachetechete ngati mbala. Lero ndati ndiulule.

Ndinayamba mu Januwale ndili ndi makilo 94. Pofika mu Meyi sikelo inkati 85. Mukukumbukira siketi yabuluu ija, imene zipi yake inatsekeka koyamba patapita zaka 3? Munandiombera m'manja tsiku lonse. Kenako mayi anga anadwala. Ndinakhala nawo kuchipatala milungu 3, kugona pampando, kudya chilichonse chimene chapezeka, nthawi iliyonse. Atatuluka ndinati ndiyambiranso Lolemba. Lolemba limenelo mpaka lero silinafike. M'mawa uno ndasolola sikelo kunsi kwa bedi, ndapukuta fumbi, ndakwerapo: 91. Ndatsika, ndavula juzi, ndakweranso. 91 yemweyo.

Nambalayo ndingaipirire, chandimaliza ine ndi manyazi. Wina akalemba kuti mlungu uno watsika theka la kilo, ine ndinkatseka foni n'kulunjika kukhitchini. Zoti ndidye chiyani ndikuzidziwa, musandiphunzitse. Ndikufunsa inu amene munagwapo n'kudzukanso: mtima munaubweza bwanji?

Mayi a Tadala
Takulandiraninso achemwali. Choyamba, mayi akupeza bwanji? Chachiwiri, 94 kuchotsapo 91 yankho lake ndi 3, ndipo makilo 3 amenewo akadali anu. Chachitatu, pepani. Ndinaona kuti mwazimiririka, ndinangoti mwatanganidwa, osakufunsani n'komwe. Pamenepo wolakwa ndine.

Nachisale
Mayi ali bwinoko, ayamba kuyenda okha ndi ndodo. Zikomo pofunsa. Mwandiliza m'mawa uno inu.

Fatsani
Ine ndinena mosapsatira, amene akwiye akwiye. Nkhani ya mtimayi ndi imene imatinamiza. Kodi mano mumatsuka chifukwa mtima wafuna? Mumangotsuka. Tcherani alamu, dzukani, valani nsapato, tulukani. Ine ndinatsitsa makilo 22 popanda wondisisita pamsana. Kudziletsa basi.

Agogo a Thoko
A Fatsani mwana wanga, munthu wabwera ndi bala inu mwamulandira ndi mchere. Komanso zoti munatsika nokha mukauze ena. Ndani uja amalemba pano m'mawa uliwonse kuti "ndamaliza makilomita 6", ndipo tikachedwa kumuyankha amabweranso kudzafunsa kuti kodi gulu lagona?

Tiyamike
Kkkkk agogo mwamugwira pakhosi.

Fatsani
Kulemba pano n'kungodziwitsana, agogo.

Agogo a Thoko
Eya, dziwitsani khoma la kuchipinda kwanu mlungu umodzi, tione ngati mudzukabe.

Aphunzitsi Kondwani
Ndilowererepo ndi manambala, monga mwa chizolowezi changa. Zimene akukanganazi ena anaziyesa kale. Mu 1999 Rena Wing ndi Robert Jeffery a ku America anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa anthu 166 ofuna kuchepetsa thupi. Ena analembetsa okhaokha, ena anabwera ndi anzawo kapena abale atatu. Maphunziro anali a miyezi 4, kenako n'kuwatsatira miyezi ina 6. Mwa amene anabwera okha n'kulandira maphunziro wamba, 76 pa 100 alionse anamaliza, ndipo 24 okha ndi amene anasunga makilo onse amene anataya. Mwa amene anabwera ndi anzawo n'kupatsidwanso zochita zolimbikitsana, 95 pa 100 anamaliza, ndipo 66 anasunga.

Kuchoka pa 24 kufika pa 66. Malangizo a chakudya anali amodzimodzi. Chinasiyana n'chakuti ena anali ndi munthu wowadikira.

Koma a Fatsani sanalakwe kotheratu. Chilakolako chimabwera n'kupita ngati mitambo, sungamangirepo nyumba. Kungoti chizolowezi chimene akunenacho chimamera msanga pakakhala wina wokufunsa kuti lero zatheka?

Namwino Chisomo
Achemwali a Nachisale, pali chimodzi chimene ndikufuna muchotse m'mutu: zoti mwabwerera chifukwa ndinu wofooka. Mwatchula kugona pampando milungu 3, ndiye ndiyambire pomwepo. M'thupi muli mahomoni awiri amene amakokanakokana pa nkhani ya njala. Ghrelin amachokera m'mimba, ndi amene amati "idya". Leptin amachokera m'mafuta a m'thupi, ndi amene amauza ubongo kuti nkhokwe ili bwino. Mu 2004 ku yunivesite ya Chicago anatenga anyamata 12 athanzi n'kuwagoneka maola 4 okha masiku awiri otsatizana. Leptin anatsika ndi 18 peresenti, ghrelin anakwera ndi 28 peresenti, ndipo chimene ankalakalaka kwambiri chinali zotsekemera, zamchere ndi zokhutitsa msanga. Amenewo ndi masiku awiri. Inu munachita 21, muli ndi nkhawa ya mayi pamwamba.

Chinanso, thupi likataya mafuta limayesetsa kuwabweza. Njala imakula, ndipo mphamvu zimene thupi limawotcha munthu atangokhala zimatsika. Kevin Hall ndi anzake anatsatira anthu 14 amene anachepetsa thupi kwambiri pa mpikisano wina wa pa TV ku America. Patatha zaka 6, mu 2016, anapeza kuti ambiri makilo anabwerera, ndipo matupi awo ankawotcha makalori (muyezo wa mphamvu za m'chakudya) pafupifupi 500 patsiku ocheperapo poyerekeza ndi mmene zikanayenera kukhalira pa kulemera kwawoko. Iwowo anatsika mwankhanza, makilo makumimakumi m'miyezi yochepa, inu simunafike pamenepo. Ndikungofuna muone kuti mukulimbana ndi thupi lomwe, ndiye kudzitukwana sikungathandize.

Nachisale
Ndiye mukuti ndingosiya, poti thupi lidzabwezabe?

Namwino Chisomo
Ayi. Ndikuti musiye kuyembekezera tsiku loti "ndamaliza". Wa BP akamwa mankhwala magazi n'kukhazikika, sitinena kuti wachira ataye mapiritsi. Kulemera kwa thupi n'chimodzimodzi, kumafuna kukusamalira mpaka kalekale. Ndiye sankhani njira imene mungakhale nayo ngakhale pa mlungu woipa. Kutsika theka la kilo mpaka kilo imodzi pamlungu n'kokwanira.

Thupi Labwino
Achemwali musavutike!!! Ndili ndi tiyi wochotsa mafuta m'mimba, makilo 10 m'masiku 14, osasala chakudya osathamanga. Ndipezeni kumbali.

Mayi a Tadala
A Thupi Labwino, lamulo mukulidziwa, malonda pano ayi. Aka n'kachiwiri. Ndikusiya uthengawu kuti ena aone yankho lake, koma mukabwerezanso ndikutulutsani.

Tiyamike
Tiyi wotereyu ine ndinamwapo, osati wa awa koma wofanana naye. Masiku 5 oyamba ndinatsikadi makilo 2. Ndinatsikira kuchimbudzi. Tsiku lina ndili pamsonkhano kuntchito ndinatuluka katatu, abwana mpaka anandifunsa ngati ndikufuna kupita kuchipatala. Nditasiya, mlungu usanathe makilo aja anali atabwerera onse.

Namwino Chisomo
Ambiri mwa matiyi amenewa amakhala ndi senna, mankhwala otsegula m'mimba. Chimene chimatuluka ndi madzi, ndipo ukapitiriza umataya potaziyamu amene mtima umadalira pogunda. Ena anapezekamo sibutramine wobisa, mankhwala amene anachotsedwa pamsika ku Ulaya ndi ku America mu 2010 chifukwa choonjezera ngozi ya matenda a mtima ndi sitiroko.

Aphunzitsi Kondwani
Ndipo funso limene ndimakonda kufunsa ogulitsawa ndi lakuti, mafuta munthu akaonda amapita kuti? Ruben Meerman ndi Andrew Brown anawerengera mu 2014: pa makilo 10 a mafuta, 8.4 amatuluka ngati mpweya woipa umene timapuma, 1.6 otsalawo ngati madzi. Mafuta amatulukira m'mapapo anzanga, kuchimbudzi mukungotayako nthawi.

Agogo a Thoko
Ndiye ndizingokhala pakhonde n'kumapuma mwamphamvu, aphunzitsi?

Aphunzitsi Kondwani
Kkkk mungochita chizungulire agogo. Mafutawo ayambe awotchedwa kaye.

Nachisale
Mwandiseketsa. Koma poti ndayamba kuulula, ndimalize. Pali china chimene sindinanene. Bambo a kunyumba ankandithandiza, kapena ndinene kuti ankaganiza kuti akundithandiza. Nditayamba kutsika anasangalala kwambiri, n'kudzipatsa okha udindo woyang'anira mbale yanga. Ndikatambasula dzanja kuti ndionjezere, iwo kakhosi "mhm". Pamaso pa ana. Tsiku lina kunabwera alendo, ndikutenga kagawo ka keke, iwo n'kunena akuseka kuti "awa ali pa dayeti koma onani". Aliyense anaseka, inenso ndinaseka. Usiku umenewo onse atagona ndinadzuka, ndinatsegula firiji osayatsa getsi, n'kudya keke yotsalayo chiimirire, ndi manja. Sindinamve n'kukoma komwe. Kuyambira pamenepo patebulo ndimadya pang'ono ngati mbalame kuti asalankhule, chenicheni ndimadya ndekha 11 koloko usiku.

Ndiye mukamati chithandizo cha ena, ine ndimachita mantha pang'ono. Ndinachilawapo.

Tiyamike
Eeh achemwali, ngati mukunena za ine. Kwanga wapolisi wa mbale ndi mchemwali wanga wamkulu. Iye akuti ndi chikondi.

Achimwene Dalitso
Ndakhala ndikuwerenga, ndipo apa pandikhudza chifukwa wapolisi ameneyo ndinali ine. Mkazi wanga atauzidwa kuchipatala kuti achepetse thupi, ndinaitenga nkhaniyo ngati ntchito yanga. Kumuwerengera, kumukumbutsa, kumutumizira zithunzi za anthu amene anaonda. Ine mwini ndikubwera madzulo ndi botolo lalikulu la chakumwa chotsekemera n'kuliika mufiriji momwemo, poti wodwala si ine. Miyezi 3 sanatsike ngakhale pang'ono, ndipo m'nyumba munazizira.

Tsiku lina ndinapeza mapepala a chokoleti atawapindapinda bwinobwino m'thumba la jekete lake lakale, ambirimbiri. Ndinafuna kukamuonetsa ngati umboni. Mwamwayi ndinakhala kaye pansi n'kudzifunsa kuti munthu wamkulu, mayi wa ana anga, wafika pobisa chakudya m'nyumba yake yomwe chifukwa cha ndani? Madzulo ndinangomufunsa kuti, ukufuna ndizikuthandiza bwanji? Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatchula zitatu. Usamayang'ane mbale yanga. Zakumwa zakozo uzimwera komwe wagulako. Ndipo Lachiwiri, Lachinayi ndi Loweruka uzitsuka mbale ndi kugoneka ana kuti ine ndikayende.

Chachitatucho ndi chimene chinandivuta, ndisaname. Kulankhula kunali kosavuta kuposa kutsuka mapoto. Koma chaka chino watsika makilo 8, ndipo inenso lamba ndabweza mabowo awiri osafuna.

Mayi a Tadala
Achimwene, uthenga uwu ndiupachika pamwamba kuti amuna onse a pagulu pano auwerenge.

Fatsani
Koma tisafike poti munthu asamauzidwe chilungamo. Mnzako akulowera kuphompho, iwe uzingomwetulira?

Achimwene Dalitso
A Fatsani, munthu wonenepa amadziwa kuti ndi wonenepa. Galasi limamuuza, zovala zimamuuza, mawondo amamuuza akamakwera masitepe. Chilungamo chimenecho ali nacho chambiri. Chimene alibe ndi wotsala ndi ana kwa mphindi 40.

Aphunzitsi Kondwani
Nkhani yobisa chakudyayi yandikumbutsa Jean Nidetch, mayi wa ku New York. Ankabisa mabisiketi m'basiketi ya zovala zochapa n'kumadya usiku. Mu 1961 anayamba kutsatira malangizo a chakudya a kukiliniki ya mzindawo, koma ankalephera kuuza a kukilinikiko za mabisiketiwo. Ndiye anaitana anzake 6 onenepa kunyumba kwake ku Queens n'kuwaululira. Anapeza kuti aliyense anali ndi kobisira kwake. Anayamba kukumana mlungu uliwonse, anthu n'kumachuluka, ndipo mu 1963 zinasanduka kampani yothandiza anthu kuchepetsa thupi ya Weight Watchers. Sindikutsatsa malonda Mayi a Tadala, musandithamangitse. Ndikungoti chimene chinayambitsa zonsezo ndi chipinda chimene munthu akanatha kunena kuti "dzulo ndadya paketi yonse" popanda womuseka.

Agogo a Thoko
Ndiye vuto la gulu lathu lino ndi limenelo. Tinalisandutsa bwalo la opambana. Wotsika amalemba, timamuimbira nthungululu. Wokwera amakhala chete, kenako amasowa. Tawerengani amene tinayamba nawo mu Januwale, atsala angati? Enawo sanachire ayi, akubisala ngati mmene amachitira Nachisale.

Mayi a Tadala
Tinayamba 41. Amene alembapo kanthu mwezi uno ndi 14. Agogo akunena zoona ndipo zikundiwawa.

Tiyamike
Ine ndipemphe chinthu. Lachisanu lija timatumiza manambala a sikelo, bwanji tisinthe? Aliyense azinena zimene wachita: wayenda masiku angati, wagona bwanji, chamuvuta n'chiyani. Nambala akafuna anene, akapanda kufuna asiye. Ine ndimagwira ntchito usiku, mlungu wina ndimachita zonse bwinobwino koma sikelo osasuntha, ndiye Lachisanu ndimangoona ngati ndalephera mayeso.

Fatsani
Apa ndiye ndikana. Kuthawa sikelo ndi kumene kwafikitsa achemwaliwa pa 91. Akanakwera mu Juni akanaona 87 n'kudzidzimuka msanga.

Nachisale
Pamenepo a Fatsani mwalasa. Ndinaikankhira kunsi kwa bedi dala.

Aphunzitsi Kondwani
Onse awiri muli ndi mbali. Ku America kuli kaundula wotchedwa National Weight Control Registry, anamuyambitsa mu 1994 Rena Wing yemwe uja ndi James Hill. Amalembamo anthu amene anataya makilo osachepera 13.6 n'kukhala chaka chathunthu osabwerera. Mwa iwo, pafupifupi 75 pa 100 alionse amadziyeza kamodzi pamlungu kapena kuposerapo, ndipo ambiri amachita zolimbitsa thupi pafupifupi ola limodzi patsiku, makamaka kuyenda. Ndiye sikelo ndi yofunika. Koma kudziyeza ndi kulengeza pagulu ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Namwino Chisomo
Ndionjezere kuti sikelo imanama pa tsiku limodzi, imanena zoona pa mwezi. Thupi limasunga shuga wina m'chiwindi ndi m'minofu, ndipo galamu iliyonse ya shuga ameneyu imagwira madzi pafupifupi magalamu 3. N'chifukwa chake mlungu woyamba munthu amatsika msanga n'kusangalala, kenako akadya bwino tsiku limodzi m'mawa mwake wakwera kilo yathunthu. Amenewo ndi madzi. Mchere wambiri umachitanso zomwezo, ndipo kwa ife amayi masiku oyandikira kumwezi sikelo imakwera yokha. Kilo imodzi ya mafuta ndi makalori pafupifupi 7,700, simungaipange ndi chakudya cha madzulo amodzi.

Dziyezeni tsiku lomwelo mlungu uliwonse, m'mawa, mutachoka kuchimbudzi, musanadye. Ndipo gulani tepi ya atelala. Yezani mimba pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno. Muyezo wosavuta kukumbukira ndi wakuti mimba isapitirire theka la kutalika kwanu. A Tiyamike, nthawi zambiri tepi imasuntha sikelo itaima.

Bambo Mbewe
Ndine wachikulire pano, zaka 58, sindilembalemba. Mwana wanga Nachisale, cholinga chako unaika pa makilo angati?

Nachisale
65 bambo. Ndi mmene ndinalili pa ukwati wanga.

Bambo Mbewe
Ndinadziwa. Inenso ndinkathamangitsa thupi la unyamata wanga, ndipo chaka chilichonse ndinkagonja mu Malichi. Zaka 4 zapitazo adokotala anandiuza kuti shuga wanga wafika pakhomo, sanalowe koma akugogoda. Ndinali ndi makilo 102. Anandiuza kuti za 75 ndiiwale, nditsitse 7 okha. Ndinaona ngati akundinyoza. Anandifotokozera za kafukufuku wamkulu wa ku America, Diabetes Prevention Program, wa anthu oposa 3,000 amene shuga wawo anali ngati wanga. Zotsatira zinatuluka mu 2002. Gulu limene linauzidwa kutsitsa 7 peresenti ya kulemera kwawo ndi kuyenda mphindi 150 pamlungu, odwala shuga anachepa ndi 58 peresenti. Gulu limene linapatsidwa mankhwala a shuga otchedwa metformin anachepa ndi 31 peresenti. Ndipo a gulu loyambalo sanangopatsidwa pepala n'kuuzidwa kuti pitani, aliyense anali ndi mlangizi wokumana naye pafupipafupi.

Ine mlangizi wanga ndi mnzanga wina wopuma pantchito, wa mimba ngati yanga. Timakumana pakona 5:30 m'mawa. Kunena zoona masiku ambiri sindifuna kudzuka, koma ndikaganiza kuti mdala uja waima yekha pamphepo akundidikira, ndimadzuka ndikung'ung'udza. Tsiku lina ndinamuuza zimenezi, iye anati nayenso amadzuka chifukwa choopa kundikhumudwitsa ine. Ndiye taonani, anthu awiri aulesi akunamizana, zaka 4 tsopano. Ndili pa 93 ndipo shuga anabwerera m'malo mwake.

Tawerengera wekha, 7 peresenti ya 91 ndi zingati?

Nachisale
6.4. Ndiye kuti pafupifupi 85.

Bambo Mbewe
Nambala imene unafikapo kale mu Meyi. Njira ukuidziwa.

Nachisale
Bambo, ine nthawi yonseyi 85 ndinkaiona ngati ndili kutali ndi 65 ndi makilo 20. Sindinaganizepo kuti ndinali nditafika penapake.

Tiyamike
Funso lapambali. Foni yanga imandiuza kuti ndiyende masitepe 10,000 patsiku. Ndikafika 6,000 ndimaona ngati palibe chimene ndachita. Nambalayi inachokera kuti?

Aphunzitsi Kondwani
Inachokera kwa amalonda. Mu 1965 kampani ya ku Japan yotchedwa Yamasa inatulutsa kachipangizo kowerenga masitepe, n'kukatcha Manpo-kei, kutanthauza chowerengera masitepe 10,000. Dzina linakoma, nambala inakakamira. Mu 2019 I-Min Lee wa ku Harvard anatsatira amayi achikulire oposa 16,000, anapeza kuti oyenda masitepe pafupifupi 4,400 patsiku ankafa ochepa poyerekeza ndi oyenda 2,700, ndipo phindu linkakwerabe mpaka cha pa 7,500 kenako n'kukhazikika. Ndiye 6,000 yanuyo musaipeputse. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati akuluakulu azichita mphindi 150 mpaka 300 pamlungu za zinthu monga kuyenda ndawala, kuphatikizapo masiku awiri olimbitsa minofu.

Koma ndichenjeze, kuyenda kokha sikutsitsa makilo ambiri. Chitini cha 330 ml cha chakumwa chotsekemera chimakhala ndi shuga pafupifupi magalamu 35, timasupuni ta tiyi 8 kapena 9. Mumamwa mphindi 3, kuti muwotche muyende pafupifupi theka la ola. Makilo amatsikira kumbale, kuyenda kumathandiza kwambiri kuti asabwerere.

Mayi a Tadala
Wina wandifunsa kumbali za jakisoni wochepetsa thupi, akuchita manyazi kufunsa poyera. A namwino?

Namwino Chisomo
Palibe chochititsa manyazi. Semaglutide amagwiradi ntchito, amachepetsa njala. Pa kafukufuku amene anatuluka mu 2021 anthu anatsika pafupifupi 15 peresenti m'milungu 68. Koma amene anasiya, patatha chaka magawo awiri mwa atatu a makilo aja anali atabwerera. Amabweretsanso nseru ndi mavuto a m'mimba kwa ambiri. Ndi nkhani yokambirana ndi dokotala amene akudziwa thupi lanu, osagula kwa munthu wa pa intaneti.

Nachisale
Chabwino. Ndawerenga zonse kawiri. Mantha anga ndi amodzi: ndiyamba mawa, ndichita bwino masiku 10, tsiku la 11 ndiphonya, kenako mutu uja uyamba kuti waononga kale, ingodya, uyambiranso Lolemba. Ndimadzidziwa.

Aphunzitsi Kondwani
Phillippa Lally wa ku University College London anatsatira anthu 96 amene ankayesa kuyamba chizolowezi chatsopano. Kuti chinthu chifike pongochitika chokha zinkatenga masiku pafupifupi 66, ena 18 okha, ena mpaka 254. Zija amati masiku 21 ziiwaleni. Koma chimene chikukukhudzani inu ndi ichi: kuphonya tsiku limodzi sikunasokoneze kanthu. Chizolowezi chinkapitiriza kukula ngati palibe chachitika.

Agogo a Thoko
Aphunzitsi atipha ndi manambala lero. Ine ndinena zachikale. Ukagwetsa dzira limodzi, kodi umatenga otsalawo n'kuwaswera pansi dala poti waononga kale? Nachisale, Lolemba lisiye. Mawa ndi Lachinayi, ndi tsikunso. Nditumizire nambala yako kumbali. Ine ndimadzuka 5 koloko ndi mawondo angawa, ndikuimbira, uvale nsapato tikulankhula. Iwe uyende kwanuko ine kuno, mphindi 20 zokha, foni ili kukhutu. Za mbale yako sindikufunsa, si ntchito yanga. Ukaphonya tsiku sindikukalipira, koma mawa lakelo ndiimbanso. Ukapanda kuyankha ndiimbanso. Ndine wokakamira, afunse adzukulu anga.

Nachisale
Agogo ndatumiza. Ndipo madzulo ano ndikhala pansi ndi bambo a kunyumba. A Dalitso, zitatu zija ndazikopera, ndingosintha masiku.

Achimwene Dalitso
Muwauze pa nthawi imene simukudya, ndiponso ana atagona. Akayamba kudziteteza musadabwe, inenso ndinatero. Apatseni masiku.

Mayi a Tadala
Tagwirizana chonchi: kuyambira Lachisanu lino aliyense anene zimene wachita ndi chimene chamuvuta, nambala ndi kufuna kwake. Komanso ndagawa mayina 27 a anzathu amene anasowa aja, aliyense wa ife atenge awiri. Musawafunse za makilo. Ingowapatsani moni.

Fatsani
Ndisadikire Lachisanu. Makilo 22 ndimanena aja ndi a chaka chatha. Panopa ndi 17. Bondo lakumanja linayamba kuwawa mu Julayi, ndinachepetsa kuthamanga koma kudya sindinachepetse. Masiku ena ndikalemba kuti makilomita 6 amakhala 3. Ndinkaopa kuti mundiseka, poti ndine uja wolalikira.

Tiyamike
A Fatsani!!! Kkkkk pepani ndaseka, koma ndaseka mwachikondi.

Namwino Chisomo
Bondolo mukaonetse, musalipirire. Pakali pano njinga kapena kusambira sizilemetsa bondo ngati kuthamanga.

Bambo Mbewe
Makilomita 3 oona aposa 6 abodza, mwana wanga. Uzilemba 3.

Nachisale
Mwadzuka bwanji nonse. Agogo anaimbadi, 5:02. Ndinaiyang'ana foni ikulira mpaka inaduka. Anaimbanso. Kunja kunali kamvula, ndiye ndayenda mozungulira nyumba pansi pa denga, uku agogo akundisimbira za mdzukulu wawo amene wameza batani. Mphindi 23. Za bambo a kunyumba, anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati sankadziwa za keke ija. Sanalonjeze kanthu. Koma pobwera ndapeza ataika madzi osamba pamoto.

Agogo a Thoko
Batani latuluka, musade nkhawa. Nachisale, mawa uyankhe kuimba koyamba, mayunitsi anga si a boma. A Fatsani, nambala yanu ya foni sindinailandirebe.